Mbiri ya lembo C: chifukwa chake mwana wanu amalemba "cimanga"



Pa malembo onse amene timaphunzitsa ana a kalasi yoyamba, palibe limene limatiyambanitsa ndi makolo ngati C. Mwana akaphunzira m amakalemba "mama" kunyumba, aliyense n'kumuombera m'manja. Koma akaphunzira c n'kukalemba "cimanga", "cala", "cule", nkhani imasintha. Bambo amene anaphunzira ku Dedza kapena ku Ntcheu amatenga cholembera n'kuwonjezera h pa mawu aliwonse. Malume amene anaphunzira m'Chipwitikizi chokha amawerenga kuti "simanga", "kala", "kule", n'kuseka kuti aphunzitsi a masiku ano sadziwa kulemba. Mawa lake mwana amabwera ndi kope lofufutafufuta, osadziwa woti amumvere. Makolo ena amafika poganiza kuti kalasi ya zilankhulo ziwiri ikuwononga mwana wawo, n'kupempha kuti asamutsidwe.

Anzathu amene akuphunzira uphunzitsi akabwera kudzayeserera m'kalasi mwanga, funso lawo loyamba limakhala lomweli: kodi olondola ndani, buku lathu kapena makolo? Yankho lake lili m'mbiri ya lemboli, ndipo ndi imene ndikufuna tikambirane lero. Nkhani ino ndailemba ndi ch chifukwa ndi amene ambiri a inu munazolowera m'mabuku ndi m'mafoni, koma m'kalasi timatsata buku la boma, limene limalemba c.

Tiyambire kutali. Lembo limeneli silinabadwire ku Portugal kapena ku England. Kholo lake ndi lembo lachitatu la Afoinike, anthu amalonda amene ankakhala m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kumene lero kuli Lebanon. Iwo ankalitchula kuti "gimel", ndipo liwu lake linali g, ngati loyamba m'mawu oti "galu". Agiriki analitenga n'kulitcha "gamma", liwu lake likadali g yemweyo. Kuchoka kwa Agiriki linafika ku Italy kwa mtundu wa anthu otchedwa Aetruska. M'chilankhulo chawo munalibe g, choncho iwo analipatsa ntchito ya k. Aroma anaphunzira zilembo kudzera mwa Aetruska amenewa, ndipo kwa nthawi yaitali C mmodzi yemweyo ankaimira k ndi g pamodzi m'Chilatini.

Plutarch, mlembi wachigiriki, analemba kuti amene anathetsa chisokonezochi anali Spurius Carvilius, kapolo womasulidwa amene anatsegula sukulu yoyamba yolipira mumzinda wa Roma, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Iye anawonjezera kamzere kakang'ono pa C, n'kutuluka lembo latsopano, G. Sindidabwa kuti mbiriyi ikutchula mphunzitsi wa ana. Amene amakhala ndi ana tsiku ndi tsiku ndiye amaona msanga kuti lembo limodzi lasenza mitolo iwiri.

Kuyambira pamenepo C wa Aroma anali k basi. Dzina la Cicero, wandale wotchuka uja, eni ake ankalitchula kuti Kikero. Koma patapita zaka mazana ambiri, pakamwa pa anthu panasintha. C akakhala patsogolo pa e kapena i, anthu anayamba kumufewetsa, ndipo dera lililonse linamufewetsa mwa njira yake. Ku Italy anasanduka liwu lofanana ndi lathu la m'mawu oti "chala". Ku Portugal anasanduka s. N'chifukwa chake mwana wophunzira Chipwitikizi amauzidwa kuti mu "casa" muli k, koma mu "cidade" muli s. Kuti akafuna s patsogolo pa a, o kapena u aike kamchira pansi, ngati mu "caça". Ndiponso kuti c akatsagana ndi h amamveka sh, ngati mu "chuva". Ngakhale "tchau" amene timatsanzikana naye anachokera ku mawu a Chitaliyana amene eni ake amalemba "ciao". Apwitikizi anachita kumulemba ndi malembo atatu, t, c ndi h, kuti apeze liwu limene Ataliyana amalipeza ndi c.

Kuno ku Africa C anapatsidwanso ntchito zina. Abale athu amene anakagwira ntchito ku Johannesburg amadziwa kuti m'Chizulu ndi m'Chixhosa lembo limeneli limaimira liwu lophulitsa lilime kuseri kwa mano, lofanana ndi kutsonya. Chizulu ndi chapachibale ndi chilankhulo chimene Angoni anabwera nacho, omwe aja anasiyira Angónia dzina. Mwaona tsono kuti lembo lilibe liwu lobadwa nalo. Anthu a chilankhulo chilichonse amapangana ntchito yoti alipatse.

Nanga kwathu kuno linafika bwanji? Azungu oyamba kulemba mawu athu ankalemba monga mmene makutu awo amvera, ndi malamulo a kwawo. Mu 1831 msilikali wachipwitikizi António Gamitto ananyamuka ku Tete pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, ndipo anadutsa m'dziko la makolo athu. M'buku lake limene linasindikizidwa ku Lisboa mu 1854 anatilemba kuti "Maraves" ndi "Chevas". Analibe lembo la liwu lathu, choncho anagwira loyandikira, ch wa Chipwitikizi. Mpaka lero mayina a pamapu athu amayenda m'njira imeneyo. Mlendo wochokera ku Maputo akawerenga Chifunde kapena Chiúta amati Shifunde, Shiuta, ndipo mu Macanga ndi Cóbuè C yemwe uja amamveka k.

Kutsidya kwa malire kunali amishoni olankhula Chingelezi. Kwa iwo liwu lathuli silinali lachilendo, chifukwa kwawo amalilemba ndi ch. Alexander Riddel atatulutsa buku la malamulo a chilankhulo chathu mu 1880, pachikuto analemba "Chinyanja". David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892, ndipo mabuku a nyengo imeneyo ankayenda ndi ch. Choncho ch amene makolo ambiri amamudziwa si wa dzana. Anabwera ndi chizolowezi cha Chingelezi.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1930. Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake anali Diedrich Westermann, katswiri wa zilankhulo wa ku Germany. Bungweli linatulutsa kabuku ka malangizo a kalembedwe ka zilankhulo za mu Africa, kamene kanakonzedwanso mu 1930. Mfundo yake yaikulu inali yakuti liwu limodzi likhale ndi lembo limodzi, kuti mwana wongoyamba kumene asavutike. Poti k analipo kale ndipo s analiponso, C anali wopanda ntchito, ndiye anamupatsa liwu la "chala". Mu 1931 ku Nyasaland kunatuluka malamulo a kalembedwe ka Chinyanja, ndipo mabuku a zaka zotsatira analembedwa ndi c. Buku la Samuel Ntara lonena za mbiri ya mtundu wathu linatuluka m'zaka za m'ma 1940 ndi dzina lakuti "Mbiri ya Acewa".

Umboni wina uli m'nyumba zathu momwe. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu koyamba mu 1922, ndipo linasindikizidwanso kambirimbiri. Mukatenga lija lakale la agogo, lachikuto chakuda, tayang'anani mayina a mabuku ake. Mupeza "Cipangano Catsopano", "Macitidwe", "Cibvumbulutso". Mupezanso "nchito" pamene lero ambiri amalemba "ntchito". Agogo amene anaphunzira kuwerenga ndi buku limenelo sadodoma akaona kope la mdzukulu wawo. Amene amadodoma ndi a m'badwo wapakati.

Kuno ku Mozambique nako c anali atafika kale tisanalandire ufulu. Ajezwiti, amene anatsegula mishoni ya Lifidzi ku Angónia mu 1909, anasonkhanitsa mawu athu kwa zaka zambiri, ndipo mu 1963 ku Lisboa kunasindikizidwa "Dicionário Cinyanja-Português". Dzina la chilankhulo pachikuto pomwe linayamba ndi C wopanda h. Koma kalembedwe kameneka sikanalowe m'kalasi. Pangano la pakati pa boma la Portugal ndi Vatican la mu 1940 linalamula kuti m'sukulu za mishoni za anthu akuda aziphunzitsa Chipwitikizi, ndipo chilankhulo cha makolo chinaloledwa pophunzitsa za chipembedzo. Choncho Chinyanja cholembedwa chinakhala cha katekisimu ndi nyimbo za m'tchalitchi. Mwana wa sukulu ankakumana ndi C wa "casa" ndi "cidade" yekha. Titalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Chipwitikizi chinapitirira kukhala chilankhulo chokhacho cha m'kalasi.

Nthawi yomweyo anansi athu a ku Malawi anatenga njira ina. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti chilankhulochi chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa Chichewa Board, ndipo mu 1973 kunatuluka malamulo atsopano a kalembedwe. Malamulowa anabwezeretsa ch. Koma chilankhulo chathu chili ndi maliwu awiri oyandikana, lina lopanda mpweya ngati mu "chala", lina la mpweya ngati mu "tchire". Popeza ch anali atatengedwa ndi loyambalo, lachiwirili analipatsa tch. Ku Zambia sanasinthe. Malamulo amene unduna wawo wa maphunziro unavomereza mu 1977 anasunga c, ndipo mpaka lero ana a ku Chipata ndi ku Lusaka amaphunzira phunziro lotchedwa "Cinyanja".

Tsono ch wa ku Malawi analowa bwanji m'nyumba zathu za ku Tete ndi ku Niassa? Malire athu ndi Malawi sanatsekepo anthu. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu umayenda m'malire mwenimweni, ndipo pa msika wa Lizulu ogula ndi ogulitsa amachokera mbali zonse ziwiri. Koma chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi nkhondo. Pofika mu 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala, anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi. Ena mwa ana awo analowa sukulu kumeneko, n'kuphunzira kulemba chilankhulo chawo koyamba, ndi kalembedwe ka ku Malawi. Atabwerera kwawo anabwera ndi mabuku, nyimbo ndi kalembedwe komweko. Ana amenewo ndiwo makolo a ana amene tikuphunzitsa lero. Choncho bambo akamawonjezera h m'kope la mwana, akulemba zimene anaphunzitsidwa bwinobwino, pa nthawi yovuta, ndipo tiyenera kuwalemekeza.

Nkhondo ili mkati, ku Maputo kunali ntchito ina. Akatswiri a NELIMO, gulu lofufuza zilankhulo za dziko lino pa Universidade Eduardo Mondlane, anaitanitsa msonkhano woyamba wokonza kalembedwe ka zilankhulo zathu mu 1988. Wachiwiri unachitika mu 1999, ndipo lipoti lake analikonza Bento Sitoe ndi Armindo Ngunga. Wachitatu unachitika mu 2008. Pa misonkhano imeneyi sankaganizira Chinyanja chokha, koma zilankhulo zambiri za dziko lino pamodzi, kuti liwu lofanana lizilembedwa mofanana kulikonse kumene zingatheke. N'chifukwa chake timalemba Cinyanja, Cinyungwe, Cisena, Ciyao. Mwana wa ku Ulónguè akasamukira ku Moatize kapena ku Lichinga amakapeza C akugwira ntchito yomwe ija.

Kalembedwe kameneka kanalowa m'kalasi kudzera mwa ife eni. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma, kudzera ku INDE, linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo linasankha zilankhulo ziwiri zokha: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Zotsatira zake n'zimene zinatsegula njira yoti mu 2003 maphunzirowa ayambe m'zigawo zina za dziko. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004, pa ndime 9, amanena kuti boma limalemekeza zilankhulo zathu monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Choncho c wa m'buku la mwana wanu si kulakwitsa kwa makina osindikizira, ndiponso si Chipwitikizi cholowerera.

Pali chifukwa china chimene ine ndimakondera c pophunzitsa, ndipo chili m'chilankhulo chathu momwe. M'Chinyanja h amatiuza kuti tulutsa mpweya. Taonani "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola". Taonaninso mmene mpweya umathawira mawu akachuluka: phiri, mapiri, thumba, matumba, khasu, makasu. Mwana amalankhula zimenezi asanalowe sukulu. Tikalemba ndi c, liwu lathu lija limalowa mumzere womwewo: p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, c ndi ch. Mawu amene ku Malawi amalemba "tchimo, machimo" ife timalemba "chimo, macimo", ndipo mwana amaona ndi maso kuti h wachoka monga anachokera mu "mapiri". Lamulo limodzi limamutsegulira maliwu anayi.

Koma pomwepa ndi pamene pali msampha, ndipo aphunzitsi tiyenera kuudziwa. Malembo akuti "kucha" ku Malawi amanena za kunja kukayera kapena chipatso chikapsa. M'kalembedwe kathu zimenezo ndi "kuca", ndipo "kucha" ndi zija amachita mlenje ndi msampha, kapena makolo popatsa khanda dzina, zimene ku Malawi amalemba "kutcha". Ndiye bambo akawonjezera h pa "kwaca", kwa iwo akonza, koma m'buku la mwana asintha liwu. Apa mpamene mwana amasokonekera, chifukwa ch mmodzi yemweyo akumuuza zinthu zitatu: kunyumba ndi liwu la "chala", m'buku la Chinyanja ndi la "tchire", m'Chipwitikizi ndi sh.

Palibe kalembedwe kamene kakanatipulumutsa ku Chipwitikizi. Tikanasankha ch, mwana akanagundana ndi "chuva". Tinasankha c, ndiye amagundana ndi "casa". Chimene chimathandiza ndi dongosolo la kaphunzitsidwe, ndipo mbiri yomwe ija ndi imene imatiuza poyambira. Popeza lembo lilibe liwu lakelake, tiyambe ndi liwu, lembo libwere pambuyo.

Ine ndimayamba ndi zinthu zimene mwana akuziona. Ndimakweza chala, ndimaonetsa chimanga, chingwe, chithunzi cha chule. Ana amatchula mayina, kenaka ndimafunsa kuti akumva chiyani poyambirira pa mawu onsewa. Akalipeza liwu, amasaka mawu awo: chakudya, chitseko, chovala. Pamenepo m'pamene ndimalemba c pa bolodi, n'kuwauza kuti liwu lija tikafuna kulisunga papepala timajambula chonchi, ngati mwezi wongooneka kumene. Amalemba m'malere, pa mchenga, kenaka m'kope. Tikatero timapanga maphatikizo, ca, ce, ci, co, cu, n'kumanga mawu: ca-la, cu-le, ci-ma-nga. Dzina la lemboli la m'Chipwitikizi, "cê", sindilitchula pa tsiku limeneli, chifukwa mwana akamva "sê" amayembekezera s, ndipo tikamuuza kuti awerenge "cala" timakhala tamunamiza.

Ch ndimamusungira tsiku lina, ana atazolowera ph, th ndi kh. Aliyense amagwira nthenga ya nkhuku kapena kapepala patsogolo pa milomo. Akati "pala" nthenga imangokhala, akati "phala" imagwedezeka. Akati "kuca" imangokhala, akati "kucha" imagwedezeka. Ana amaseka, amabwereza okha pa nthawi yopuma, ndipo saiwala kuti h ndi mpweya.

Nthawi yolemba Chipwitikizi ikafika, sindiwabisira. Ndimawauza kuti C ali ngati munthu waganyu: kwa ife amagwira ntchito iyi, kwa Apwitikizi amagwira ina, kwa Azulu inanso. Mwana amene wadziwa bwino kuti lembo limaimira liwu m'chilankhulo chake savutika kulandira zimenezi, chifukwa chinsinsi cha kuwerenga anachigwira kale. Akakula pang'ono ndi bwino kumuonetsanso buku la ku Malawi, n'kumuuza kuti ch wawo ndi c wathu, tch wawo ndi ch wathu. Ndi phunziro la mphindi zochepa, koma limamutsegulira mabuku, nyuzipepala ndi mauthenga a abale ake a kutsidya.

Kwa inu makolo pempho langa ndi ili. Mmera m'poyamba. Mwana akabwera ndi "cimanga" m'kope, musafufute. Muuzeni akuwerengereni. Akatchula bwino, ndiye kuti lembo lagwira ntchito yake. Ngati inu munaphunzira ndi ch, muuzeni kuti kumene munaphunzira amalemba chotero, ndipo adzakuphunziraninso akakula. Ngati m'nyumba muli Buku Lopatulika lakale lija, litsitseni, mumupatse kuti asake c pa tsamba limodzi, agogo ali pomwepo.

Kwa aphunzitsi anzanga, tisadikire kuti kope libwere lofufutidwa. Pa msonkhano woyamba wa makolo, tisanafike n'komwe pa lembo limeneli, tilembe pa bolodi mawu awiri, "cala" ndi "chala", tifotokoze kumene aliwonse anachokera. Kholo limene lamva mbiriyi limakhala mnzathu pa ntchito. Inu a ku Lago, ku Tsangano, ku Marávia ndi kwina konse, tiuzeni mmene mumaliphunzitsira lembo limeneli kwanuko, ndi mawu amene ana anu amakonda kuyamba nawo.